Makoswe m'dimba: tigule poizoni kapena tibzale zitsamba?

Mvula ikatha, cimanga cikalowa m'nkhokwe, mbewa ndi makoswe nazonso zimasamuka. Kumunda cakudya catha. Ndiye zimatsikira kudimba, komwe kuli mbatata, tomato, nyemba ndi mondokwa. Zina zimalowa m'nyumba. Inu amene muli ndi dimba ku Angónia, ku Tsangano kaya m'mbali mwa nyanja ku Lago, nkhaniyi si yacilendo kwa inu.

Masiku ano malangizo akubwera kucokera mbali ziwiri. Pamsika pali anyamata ogulitsa poizoni m'timapepala tosalembedwa dzina, pamtengo wochipa. Pafoni, makamaka pa WhatsApp, pakuyenda mauthenga akuti mukabzala zitsamba zonunkhira, makoswe athawa okha. Ine zonse ziwiri sindigwirizana nazo, koma cimene cikundiopsa kwambiri ndi ca pamsikaco.

Tiyambe ndi zitsamba. Makolo athu sanali opusa. Mpungabwi ankaupacika m'nyumba kapena kuufukiza madzulo kuti udzudzu ucepe. Canzi ankasesera m'nyumba ndi m'khola pothamangitsa nthata ndi utitiri. Masamba a nimu, oumitsa pamthunzi n'kusinja, amathandiza kucedwetsa anankafumbwe m'nyemba zosunga. Mthuthu, umene ena amati ombwe, mukauviika m'madzi usiku wonse n'kusefa, madziwo amapha nsabwe za pamasamba. Umawonjezeranso conde m'nthaka. Koma samalani, mthuthu umapha nsomba, conco cidebe cake musakatsukire kumtsinje, ndipo ndiwo zopoperedwa muzitsuke bwino musanaphike.

Mwaona cinthu cimodzi? Zonse ndachulazi ndi za tizilombo ting'onoting'ono. Khoswe ndi nkhani ina.

N'zoona kuti mphuno yake ndi yakuthwa. Bungwe la APOPO linaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi, ndipo anathandiza nawo mpaka dziko lathu la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti malo onse odziwika a mabombawo ayeretsedwa. Ku Maputo abwampini anagwiritsidwanso nchito yonunkhiza makhololo pofufuza cifuwa cacikulu. Ndiye munthu angaganize kuti nyama ya mphuno yotere ingathawe fungo la adyo kapena tsabola. Imathawadi, masiku awiri kapena atatu. Kenako imazolowera. Njala ikaipweteka, imadutsa pa mpungabwi pomwepo kukadya mbatata yanu. Ndinayesapo ndekha kudimba kwa amayi anga. Tinazunguliza zitsamba bwinobwino, tomato anadyedwabe. Kumene mthuthu umaonetsako mphamvu ndi pa mfuko, ija imadya cinangwa pansi pa nthaka. Ku Zambia anayesa kuubzala m'minda ya cinangwa, ndipo cinangwa coonongeka cinacepa.

Tsopano poizoni. Pano tiyeni tilankhule mosabisa, cifukwa ife timadya mbewa. Mukathira poizoni kudimba, simungamuuze kuti aphe khoswe yekha. Mbewa idya. Poizoni wina amapha msanga, koma wina amatenga masiku angapo, ndiye mbewayo imayendabe ili ndi mankhwala m'thupi. Mawa lake ana anu, kapena ana a mnzanu, akupita ndi khasu kokakumba. Mbewa yofooka ndi imene imagwidwa msanga. Madzulo yafika m'mbale. Nkhuku, galu ndi mphaka nazonso zimafa m'njira yomweyo. Mphaka akafa, ndani wapindula? Khoswe.

Mu 2014 boma linaletsa mankhwala ambiri oopsa ophera tizilombo. Koma kapepala kopanda dzina simungadziwe kuti muli ciyani. Wogulitsayo naye nthawi zambiri sadziwa. Inu mwaphunzira kuwerenga kuti muzitha kuona zolembedwa pa botolo. Pamene palibe colembedwa, musagule. Ngati mwana wadya poizoni mwangozi, akutuluka dovu, akusanza, akutuluka thukuta kapena akubanika, musamumwetse mkaka kapena mafuta, musamukakamize kusanza. Thamangani naye kucipatala, ndipo mutenge kapepalako kuti anamwino akaone.

Nanga tingowasiya makoswewo? Ayi ndithu. Mbewa ya kumunda imakhala ndi bere milungu itatu yokha, ndipo imatha kuswa ana 10 kapena kuposa nthawi imodzi. Mukacedwa mwezi umodzi, mwacedwa kwambiri. Palinso matenda. Mu 1994 ku Mutarara, m'cigawo ca Tete, kunabuka mliri umene pa Cipwitikizi amati peste. Umafika kwa munthu kudzera mu nthata za pa makoswe. Khoswe akafa, nthata zimacoka pathupi pake kukafuna magazi ena. N'cifukwa cake khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Mutoleni ndi fosholo, mumukwirire mozama kapena kumuocha. Mukaona makoswe akufa okha ambiri popanda wothira mankhwala, kauzeni acipatala tsiku lomwelo. Apa m'pamene canzi cija cimagwira nchito yake yeniyeni: sicipha khoswe, koma cimacepetsako nthata m'nyumba.

Cimene cimagonjetsa khoswe n'cotopetsa, ndiye cifukwa cake palibe amacitumiza pafoni. Mum'mane cakudya ndi pobisala. Lambulani chire lozungulira dimba. Milu ya mapesi ndi zinyalala isakhale pafupi ndi mbewu. Tomato wogwa pansi tolani. Nkhokwe ikhale pamwamba, miyendo yake yotalika ngati mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse muuveke cidutswa ca lata copinda ngati cipewa kuti khoswe asakwere. Nthambi za mtengo zisagunde denga lake. Kenako cherani misampha. Diwa la makolo likugwirabe nchito. Ndowa ya madzi yokwirira pansi, yokhala ndi gaga pang'ono pamwamba, imagwira zambiri usiku umodzi. Misampha muziika m'njira zawo, m'mbali mwa mpanda kapena khoma, osati pakati pa bwalo. Ndipo mbewa ya mumsampha mutha kudya mtima uli m'malo, ngati m'dera lonselo mulibe wathira poizoni.

Za kadzidzi ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Ambiri timamuopa, timamugenda. Koma usiku uliwonse iye amadya mbewa ndi makoswe, osapempha malipiro. Musamukonde ngati simufuna, ingomusiyani mumtengomo.

Vuto lalikulu ndi lakuti khoswe sadziwa malire a dimba. Inu mukachera nokha, a kwa mnzanu abwera kudzadzaza malo. Conco nkhaniyi mupite nayo kwa amfumu, kwa alangizi a zaulimi, kapena muikambe m'kalasi mwanu mukamaliza kuwerenga. Gwirizanani sabata imodzi yoti madimba onse a m'dambo limodzi alambulidwe ndi kucheredwa misampha, makamaka musanabzale, pamene mbewa zisanayambe kuswana. Mugwirizanenso kuti m'dambo limenelo poizoni asalowe. Musankhe munthu mmodzi wa m'kalasimo azilemba m'kope ciwerengero ca zogwidwa m'mawa uliwonse. Ciwerengero cikayamba kutsika mudzaona nokha, ndipo cikayambanso kukwera mudzadziwa kuti nthawi yocheranso yakwana.