ZA PAMSIKA: Tcheni cha njinga yamoto sichikhala mpaka kale

Abale anga a pamsika, sabata ino ndati tikambe za chinthu chimene ambiri mwa inu mumachikumbuka tsiku limene chaduka basi. Ndikunena tcheni cha njinga yamoto.

Masiku ano njinga yamoto ndiyo ngolo ya geni. Ndiyo imasenza tomato, kachewere, matumba a makala ndi mabelo a kaunjika kupita ku Limbe, ku Ndirande, ku Tsoka ngakhale ku Zigwagwa. Ena mwa inu munagula Boxer kapena Lifo n'kupatsa mnyamata kuti azichita kabaza, madzulo azibweretsa kangachepe. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya aliyense anakwera mtengo. N'chifukwa chake ndikuti ntchito zina tiziphunzira kugwira tokha, mmalo momangothamangira kwa amakaniko pa kalikonse.

Musachione kuchepa tchenichi. Chikasolotoka njinga ili pa liwiro, chimatha kukola tayala lakumbuyo, tayalalo n'kuima nji! Pamenepo dengu la tomato limakhala supu wa pamsewu, mwini wake akudzidzimukira ku Queens kapena ku Central mwendo uli m'chikhakha. Geni yaima, ana akudikira ndiwo kunyumba, ngongole ya banki m'khonde nayo siidziwa zoti munthu wavulala.

Nanga mungadziwe bwanji kuti tcheni chatha? Imikani njinga pa sitandi yapakati, zimitsani injini, chotsani kiyi. Pitani ku giya la mano lakumbuyo lija, limene amakaniko amati sipuroketi, ena amati kalanka. Gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuroketiyo n'kuchikoka. Chikanyamuka mpaka kuonetsa kupitirira theka la dzino, chatha chimenecho. Yang'ananinso mano. Akakhala osongoka kapena opindika ngati mbedza, nawonso apuma pantchito. Chizindikiro china n'chakuti mukamazungulitsa tayala, pena tcheni chimakungika pena chimakhwepa, kapena mwafika kumapeto kwa mabawuti okungira koma chikadali lendelende.

Pali kamchitidwe kena kamene ine sindigwirizana nako, kodula timfundo tiwiri ta tcheni chakutha kuti chifupike. Abale, kumeneko n'kudzinamiza. Chimene chimatha ndi timisomali ta mkati mwa mfundo iliyonse, ndiye ngakhale mudule, chotsalacho n'chodyeka kale ndipo sichikhalanso bwino pa mano. Winanso amagula tcheni chatsopano n'kuchiika pa masipuroketi akale. Mano opindika aja amachidya msanga, posakhalitsa ali pa shopu kukagulanso china. Gulani zonse zitatu pamodzi: tcheni, sipuroketi yakutsogolo ndi yakumbuyo. Zimawawa tsiku logulalo, koma ndalama mumatulutsa kamodzi.

Pogula onetsetsani nambala. Njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zimene zili m'misewu yathu zimayendera tcheni cha 428, ndipo nambalayi imalembedwa pa timbale ta m'mbali mwa tchenicho. Tengani zakalezo popita ku shopu. Werengani mano a sipuroketi, werenganinso mfundo za tcheni. Ndati kuwerenga, osati kuyeza utali, chifukwa chakalecho chinatanuka.

Zida zake si zambiri ayi: masipanala olingana ndi manati a njinga yanu, pulayazi, sikuludiraiva ndi kansanza. Yambani ndi kuchotsa chivindikiro cha tcheni. Tcheni chakale chisanachoke, uzani mnzanu aponde buleki yakumbuyo inu mumasule mabawuti a sipuroketi yakutsogolo, apo ayi izingozungulira osamasuka. Kenako masulani nati yaikulu ya chitsulo chimene chagwira tayala lakumbuyo, bwezani mabawuti okungira a mbali zonse ziwiri, kankhirani tayala kutsogolo. Zungulitsani tayala mpaka mupeze mfundo yolumikizira, ija ili ndi kaloko. Chotsani kalokoko ndi pulayazi, tcheni chimasuka.

Tsopano masulani ndodo ya buleki ndi chitsulo chogwira mbale ya buleki, chotsani tayala, sinthani sipuroketi yakumbuyo. Muli pomwepo yang'anani timphira tija timakhala mkati mwa habu. Tikanyenyeka, njinga imagwedeza ponyamuka ndipo tcheni chatsopano chimavutika. Bwezeretsani tayala, ikani sipuroketi yakutsogolo, kolekani tcheni, nsonga zake ziwiri zikumane pamwamba pa sipuroketi yakumbuyo kuti mano azikugwirirani polumikiza.

Apa ndiye mutchere khutu. Kaloko kaja kali ndi mbali yotseka ndi mbali yotsegula. Mbali yotseka iyang'ane kumene tcheni chimalowera njinga ikamapita kutsogolo. Mukakatembenuza, tsiku lina kadzakola penapake n'kuthothoka, tcheni n'kumasuka muli pakati pa msewu. Kanthu kosakwana chala, koma kagwira moyo wa munthu.

Pokunga, mbali zonse ziwiri zilingane. Pa chitsulo pali timizere, werengani kuti kumanja ndi kumanzere zikhale chimodzimodzi, apo ayi tayala liyenda chopendekera n'kumadya tcheni mbali imodzi. Zungulitsani tayala mupeze pamene tcheni chakungika kwambiri, ndipo pakatikati pa masipuroketi awiriwo chizisewera masentimita 2 kapena 3 mukachikankha ndi chala. Ambiri amaganiza kuti kukunga ngati ng'oma ndiye bwino. Ayi ndithu. Mukasenzetsa matumba awiri a 50 kg, njinga imatsika ndipo tcheni chimakungika chokha. Chikakhala chokungika kale, chimaononga beringi ya giyabokosi, ndipo imeneyo ndi ntchito yotsegula injini, ya ndalama zambiri. Mukamaliza mangani nati yaikulu ija zolimba, bwezerani kapini kake ngati kalipo, ndipo konzaninso buleki yakumbuyo chifukwa tayala likasuntha nayo imasintha. Pakatha masiku awiri kapena atatu yang'ananinso, tcheni chatsopano chimakhwepa pang'ono poyamba.

Kuti chikhalitse, chisamaleni. Pa makilomita 500 aliwonse, kapena mukayenda m'matope a dzinja, chitsukeni ndi parafini ndi kamswachi kakale, pukutani, thirani oyilo wa giya wa nambala 90. Petulo musatsukire, makamaka ngati tcheni chanu n'chija chili ndi timphira mkati. Girizi wambiri naye amakola mchenga wa m'misewu yathu yafumbi, n'kusanduka phala lopala chitsulo. Oyilo wakuda wochoka mu injini amene ambiri amathira uja ali ndi tizitsulo kale, ngakhale kuti amaposa kuyenda chouma.

Ndipo chonde, musadzayerekeze kupukuta kapena kuthira oyilo injini ikulira, giya ili mkati. Kansanza kakakoledwa kamakoka dzanja, zala n'kutsalira pa mano a sipuroketi. Zungulitsani tayala ndi dzanja basi.

Tsiku lomwelo yang'ananinso oyilo wa injini, mpweya wa m'matayala, mabuleki, magetsi ndi fyuluta ya mpweya imene imatseka msanga nyengo ya fumbi. Inu amene munapereka njinga kwa mnyamata, musamangowerenga ndalama madzulo. Lamulungu lililonse gwadani muone tcheni ndi maso anu, chifukwa njingayo ndi mpamba wanu. Ndipo ngati penapake pakukanikani, funsani makaniko wodziwa ntchito, paja safunsa anadya phula.

Tionana sabata yamawa, geni iyende bwino.