Tisalipirenso chiwindi chomwe sitinachione

Alimi anzathu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Dwambazi, Nkhunga, Linga mpaka ku Zidyana, pali msonkho wina omwe timalipira popanda lisiti. Wogula ng'ombe akafika pakhola amayamba watsitsa mtengo ponena kuti ng'ombe za ku Nkhotakota zimakhala ndi chiwindi choola. Ng'ombeyo imakaphedwa ife kulibe. Chiwindi chikapezeka chabwino, ndalama yomwe anadula ija sabweza. Chikapezeka choonongeka sationetsa. Kodi amenewa ndi malonda kapena kulanda?

Sitikukana kuti vutoli lilipo. Koma tilidziwe bwino, chifukwa mlimi wosadziwa ndiye amaberedwa.

Choyamba ndi nyongolotsi za m'chiwindi. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, tizilombo take n'kukulira mu nkhono za m'madambo, kenaka n'kumatirira pa udzu. Ng'ombe zodya m'madambo a Bua, Kaombe ndi m'mbali mwa Chia, makamaka m'chilimwe pomwe msipu wobiriwira umatsala m'malo onyowa okha, zimameza tizilomboti. Chiwindi chimauma, ng'ombe imaonda ngakhale ikudya.

Chachiwiri ndi zithupsa zamafinya, ndipo izi zimakonda ng'ombe zonenepetsera m'khola. Ambiri mwa ife amene tili ndi ng'ombe za mkaka za mtundu wa Friesian timasunga ana amphongo kuti tidzagulitse ngati nyama. Ng'ombe zimenezi n'zamafupa aatali, sizionetsa mnofu msanga, choncho mlimi amazithira madeya a chimanga, a mpunga ngakhalenso makaka a chinangwa mochuluka ndi mwadzidzidzi. Chakudya chotere chimasasa m'chifu, chifu chimachita zilonda, ndipo tizilombo timadutsa pazilondazo n'kuyenda ndi magazi mpaka kuchiwindi. Ng'ombe imaoneka yabwinobwino, matendawo amadziwika pokhapokha ikasendedwa. Ngakhale ku America, komwe amanenepetsa ng'ombe zambirimbiri ndi chimanga, ana a ng'ombe za mkaka ndi omwe amapezeka ndi zithupsazi kwambiri kuposa ng'ombe za nyama. Chithupsa chikamatirira kunthiti, woyeza nyama amadula ndi mnofu womwe, kulemera kwa nyama n'kutsika.

Mbali yathu tiichite. Madeya tizionjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo m'khola musamasowe nsenjere, mapesi a mpunga, zotsalira za mtedza kapena nsonga za nzimbe. Ng'ombe ndi yobzikula, si nkhumba. Zodya kudambo tizizimwetsa mankhwala a nyongolotsi motsatira malangizo a dotolo wa ziweto, podziwa kuti albendazole amapha nyongolotsi zikuluzikulu zokha pomwe triclabendazole amapha ndi zazing'ono zomwe, ndipo tisagulitse ng'ombe masiku olembedwa pabotolo asanakwane.

Koma wina asatinamize kuti vuto lonse ndi ulesi wa mlimi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pomwe boma linachepetsa thandizo la kumadibi, mlimi wa ziweto anasiyidwa yekha. Mlangizi mmodzi amayembekezeka kuyendera midzi yosawerengeka, kuyeza nyama pamsika komanso kutemera ziweto. Ndondomeko za FISP kuyambira 2005 ndi AIP kuyambira 2020 zinadya gawo lalikulu la ndalama za Unduna wa Zamalimidwe pogula feteleza. Nanga ng'ombe si ulimi? Otipatsa ng'ombe za mkaka anatiphunzitsa kukama ndi kusamala thole lalikazi, koma za mwana wamphongo anangoti zii.

Choncho ife ngati mamembala tikufuna zinthu zinayi. Ng'ombe zizigulitsidwa pamsika wodziwika, pasikelo, osati poyang'ana ndi maso. Woyeza nyama akataya chiwindi azilemba kalata yonena chifukwa chake, kaya ndi nyongolotsi kaya ndi mafinya, ndipo mwini ng'ombe azilandira kope lake. Wogula azidula mtengo wa gawo lotayidwalo lokha, atasonyeza kalatayo, osati kudula ng'ombe yonse isanaphedwe n'komwe. Ndipo ofesi ya zaulimi paboma izitiuza pamisonkhano ya m'ma EPA madera omwe kukuchokera ziwindi zoonongeka, kuti tidziwe dambo loti tilipewe ndi nthawi yomwetsa mankhwala. Zomwe woyeza nyama amaona tsiku ndi tsiku ndi sukulu ya mlimi, zisamathere m'dzenje limodzi ndi chiwindicho.

Atsogoleri a makalabu, nkhaniyi ikhale pamndandanda wa msonkhano wotsatira. Lembani ng'ombe iliyonse yogulitsidwa, mtengo wake ndi ndalama yomwe inadulidwa, kuti popita kwa akuluakulu tikanyamule umboni. Tizigulitsa pamodzi, tsiku limodzi, mmodzi wa ife n'kukaonerera kophera. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wogula akanena za chiwindi, yankho lathu likhale limodzi: tionetseni kalata.