Mcenga m'Thumba la Thonje

Ambiri a ife tikamva za masewera a pa intaneti timangopukusa mitu n'kunena kuti ndi zacibwana. Komatu ana ndi adzukulu athu amene ali ndi mafoni kapena makompyuta amathera maola ambiri m'menemo, ndipo ndalama zogulira intaneti kawiri-kawiri zimacokera m'matumba mwathu. Tsono ndi bwino kuti timve mkangano umene osewera eni ake ali nao, pakuti ukukhudza nthawi ya ana athu.

Pali mtundu wina wa masewera umene uli ngati nthano yaitali. Wosewera amakhala mmodzi wa anthu a m'nthanomo, nakumana ndi anzace a m'maiko ena kudzera pa intaneti. Kuti nthano ipite patsogolo, iye amapatsidwa nchito: kapereke uthenga kwa uje, kaphe cilombo cakuti, kapulumutse mudzi wakuti. Nchito zina zimatsegula nkhani. Zina ndi zongodzazira, ndipo apa ndiye pagona mkangano.

Taonani citsanzo. M'masewera ochedwa World of Warcraft, amene anatuluka m'caka ca 2004, munali nchito yotuma wosewera kukatenga ziboda zinai za nyama zonga mbidzi. Osewera anaseka ndi kudandaula, cifukwa munthu amatha kupha nyama zambiri osapeza ciboda n'cimodzi comwe, conseco nyama iliyonse ili ndi miyendo inai. Mlimi aliyense angaone kuti pamenepa palibe nkhani. Colinga ndi kum'cedwetsa munthu cabe.

Citsanzo cina ndi Final Fantasy XIV, masewera a kampani ya Square Enix ya ku Japan, amene anakonzedwanso mwatsopano mu 2013. M'cigawo cina dziko lili pangozi, cifukwa cimzimu ca miyala cochedwa Titan cadzuka. Koma wosewera asanakamenyane naco, akulu-akulu ena amam'tuma uku ndi uko kukafuna dzira, nyama ndi vinyo za phwando, ati pofuna kumuyesa. Kodi nyumba ikamapsa, munthu amayamba wakasaka ndiwo? Madandaulo anaculuka kwa zaka zambiri, mpaka mu August 2020 okonza masewerawo, motsogozedwa ndi Naoki Yoshida, anadula nchito zina. Pa cigawo cimene cinali ndi nchito 100 panatsala 80. Ngakhale n'tero, pamene cigawo catsopano ca Dawntrail cinatuluka mu 2024, osewera ambiri anadandaulanso kuti nkhani ikuyenda pang'ono-pang'ono ndipo zokamba zaculukitsa.

Osewera agawikana pawiri. Ena akuti nkhani iziyenda msanga, ndipo cosafunika ciliconse cidulidwe. Ena akuti ai, kuona maso a nkhono n'kudekha: ukapanda kuyenda nao nthawi yaitali anthu a m'nthano, sungamve cisoni mmodzi wa iwo akamwalira, ndipo sungasangalale akapambana.

Ife tikuona kuti onse awiri agwira mbali imodzi cabe ya coonadi. Kucedwa pakokha si colakwa. Agogo athu pokamba nthano madzulo sanali kuthamangira mapeto. Anali kubwereza nyimbo kawiri kapena katatu, ana n'kumavomera kuti tili tonse, ndipo kubwereza kuja kunali kukonza mitima ya omvera. Ngakhale mu Mpingo, si Sande iliyonse imene ili Pasaka. Pa caka tili ndi masabata 33 kapena 34 a nyengo wamba, ndipo palibe Mkhristu wozindikira amene anganene kuti masabata amenewa ndi ongodzazira. M'menemo ndimo cikhulupiriro cimazika mizu. Kumunda nakonso, kupalira kumatopetsa ndipo kumabwerezedwa, koma pokolola timaona phindu lace.

Colakwa ndi kucedwa kopanda kanthu mkati. Tonse tikudziwa mcitidwe woipa wa munthu amene amathira mcenga kapena madzi m'thumba la thonje kuti lilemere pa sikelo. Thumba limalemeradi, koma thonje silinaculuke. Nchito yongodzazira ndi mcenga wotere. Njira yoizindikirira ndi yapafupi: muicotse, kenaka muone ngati nthano yasowa kanthu. Ngati siinasowe kanthu, unali mcenga.

Nanga n'cifukwa ciani mcengawu umathiridwa? Tisaiwale kuti masewerawa ndi malonda. Ambiri osewera World of Warcraft ndi Final Fantasy XIV amalipira mwezi ndi mwezi, motero nthano ikatalika, miyezi yolipira nayo imaculuka. Masewera ena a pa foni, monga Genshin Impact a mu 2020, amayambidwa ulere, koma anabwera ndi tinchito tinai ta tsiku ndi tsiku kuti munthu asadumphe tsiku osatsegula foni. Codabwitsa cina n'cakuti kuyambira mu 2017, eni Final Fantasy XIV anayamba kugulitsa njira yodumphira zigawo zakale za nthano yao. Ndiye kuti munthu alipire kuti amve nthano, alipirenso kuti asaimve. Sitikunena kuti onse okonza masewera ndi akuba. Kudula nchito kuja kwa mu 2020 kukuonetsa kuti ena amamva akadzudzulidwa. Koma wogula ayenera kukhala maso.

Nthawi ya mwana si cinthu cocepa. Ola limene latha pofuna ziboda za mbidzi silidzabweranso, ndipo likanatha kupita ku mabuku, kudimba kapena kukaceza ndi wodwala. Boma la China mu 2021 linafika poika lamulo lakuti ana osakwana zaka 18 azisewera masewera a pa intaneti ola limodzi cabe pa Cisanu, pa Ciweru ndi pa Sande, ndiponso pa masiku a chuti. Ife tili ndi citsanzo coposa lamulo. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo anaikidwa m'gulu la oyera ndi Papa Leo XIV mu September 2025, anali kukonda masewera a pa kompyuta. Mai ace amasimba kuti anadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Sanawadane masewera, koma sanalole kuti amulamulire.

Tsono makolo anzathu, kulanda foni ndi kukalipa sikokwanira. Khalani pansi ndi mwana, mum'funse kuti nthano imene akusewerayo ikukamba za ciani, ndipo lero yafika pati. Ngati angakufotokozereni za anthu a m'nthanomo, zimene asankha ndi zimene zawagwera, ndiye kuti m'thumbamo muli thonje, ndipo mungakambirane naye za cabwino ndi coipa monga anali kucitira agogo pambuyo pa nthano. Koma ngati sabata yathunthu wakhala akutola ziboda ndi kupereka mauthenga, muthandizeni kuona yekha kuti akusenzetsedwa mcenga.

Inunso acinyamata osewera, musaleke kudandaula pamene mwapatsidwa zopanda pace, pakuti mau a anzanu anasinthapo kale zinthu. Koma musafike podumpha ciliconse cimene cikufuna kudekha, cifukwa cizolowezi cotere sicithera pa foni. Cimakalowa m'kalasi, m'munda ndi m'banja. Ndipo ife amene timaima patsogolo pa anthu, m'chalichi kapena pa misonkhano ya makopaletivu, tizikumbukira kuti amene akhala pansi kutimvera asiya makasu ao kunyumba. Tiziwapatsa thonje lokha-lokha.