Wotentha thupi asavale jezi

Mu Januwale 2022, Julian Nagelsmann, yemwe anali mphunzitsi wa Bayern Munich, adauza atolankhani kuti Alphonso Davies ayamba wapuma. Mnyamatayo sadathyoke mwendo, bondo lake linali bwinobwino. Anali atangochira ku Covid-19, ndipo madokotala pomuunika adapeza kuti mnofu wa mtima wake watupa pang'ono, matenda omwe amawatcha myocarditis. Davies, wotchinga kumbuyo chakumanzere yemwe adathamangapo liwiro loposa makilomita 36 pa ola mu Bundesliga, adauzidwa kuti asathamange n'komwe.

Adakhala kunja pafupifupi miyezi itatu. Dziko lake la Canada lidapeza malo ku World Cup kwa nthawi yoyamba chichokereni 1986 iye akuonerera ali kunyumba, ndipo adadzabwerera m'bwalo mu Epulo, pa masewero a Champions League ndi Villarreal. Mlembi wa ndime ino amaona kuti chisankho cha Bayern chija chinali chanzeru kuposa kugula wosewera aliyense chaka chimenecho.

Mpira wa masiku ano ndi wa phuma. Wotchinga kumbuyo amakwera mpaka kukona ya adani, nabwerera chothamanga mpira ukalandidwa. Womwetsa zigoli naye salinso woima njo kudikira mpira, amayamba ndiye kuthamangitsa adani pakhomo pawo pomwe. Zonsezi zimagwera mtima. Tsono kachilombo, ngakhale koyambitsa chimfine wamba kapena kutsegula m'mimba, nthawi zina kamafika pa mnofu wa mtima n'kuutupitsa. Mnofu wotupa sutumiza bwino timphamvu tamagetsi tomwe timalamula kagundidwe. Munthu akakhala pansi mwina samva kanthu, koma akaukakamiza mtimawo ndi liwiro, umatha kuyamba kugunda mosokonekera mpaka kulephera kupopa magazi. Ndipo kutupa kukatha pamatha kutsala chipsera, chomwe chimadzasokoneza kagundidwe patapita miyezi kapena zaka, wosewera ataiwala kalekale kuti adadwalapo. Apa m'pomwe anthu amagwira pakamwa: mnyamata wamphamvu chotere wagwa bwanji popanda womugunda?

Daniel Engelbrecht wa ku Germany adadutsa njira imeneyi. Mu 2013, akusewerera Stuttgarter Kickers mu ligi yachitatu, adagwa m'bwalo masewero ali mkati. Gwero lake linali kutupa kwa mnofu wa mtima, ndipo kagundidwe kosokonekera kadamukakamira. Adachitidwa maopaleshoni angapo, namuika pachifuwa kamakina kodzidzimutsa mtima ukasokonekera. Adabwerera m'bwalo chakumapeto kwa 2014, koma adasiya mpira asadakwanitse zaka 30. Ku America, Eduardo Rodríguez, yemwe anali wa timu ya baseball ya Boston Red Sox, sadasewere chaka chonse cha 2020 chifukwa cha matenda omwewa.

Malangizo a akatswiri a mtima ndi omveka: wopezeka ndi nthendayi apume kaye, ndipo asadabwerere ayezedwe magazi, ajambulidwe mtima, avale kamakina kolemba kagundidwe usana ndi usiku, ayesedwenso akuchita zolimbitsa thupi. Matimu ambiri m'mabwalo athu a fumbi sangakwanitse zonsezi, n'zoona. Koma kumuika pa benchi mnyamata yemwe wadzuka thupi likuwotcha sikufuna ngakhale tambala.

Vuto lili pa zomwe timaombera m'manja. Wosewera akameza panado m'mawa n'kulowa m'bwalo masana ali ndi litsipa, ochemerera amati ndiye kudzipereka kumeneko, mwamuna weniweni. Mnzake akapempha kutuluka chifukwa cha befu wosadziwika bwino, kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima wothamanga ngati ng'oma, amamunena kuti waopa masewero akuluakulu. Mnyamatayo, poopa kulandidwa malo ndi kutaya kandalama ka masewero, amangokhala chete. Izi zimamupweteka mlembiyu, chifukwa zizindikiro zimenezi ndiye chenjezo lomwe mtima umapereka, ndipo kwa ena silibwera kawiri.

Aphunzitsi, kuyambira a m'maligi akuluakulu mpaka a mpira wa m'mudzi wolimbirana mbuzi, wosewera wotentha thupi musamulembe pa mndandanda. Ndipo amene wadandaula za pachifuwa atangochira chimfine apite kuchipatala asadakhudzenso mpira.