PAKHONDE LA BANJA: Kagalasi ka Peter Vincent ndi Mphekesera za Anamapopa



Loweruka lina titaswali Isha, anyamata athu adabwera ndi kanema amene adamutenga pa msika wa Mtakataka. M'malo mowakalipira, tidayala mkeka kuti tione nawo chimene chimawagonetsa mochedwa. Dzina la kanemayo ndi Fright Night, wa ku America, amene adalemba ndi kutsogolera Tom Holland m'chaka cha 1985.

Nkhani yake ndi ya mnyamata wa sukulu, Charley Brewster, amene akusuzumira pazenera nazindikira kuti mlendo wasamukira nyumba yoyandikana nawo, Jerry Dandrige, ndi namapopa wa nthano za azungu: masana amagona m'bokosi la maliro, usiku nkumayamwa anthu magazi. Wapolisi akumuyesa wamisala. Mayi ake, chifukwa cha ulemu, akuitanira mlendoyo m'nyumba, pomwe nthanozo zimati namapopa salowa pakhomo asanaitanidwe. Charley akuthamangira kwa Peter Vincent, mkulu wochita masewero opha anamapopa pa wailesi ya kanema, koma bambowo ndi amantha kuposa mwana. Roddy McDowall adasewera bwino mbali imeneyi, ndipo tisabise, tidaseka mpaka misozi.

Makolo dziwani kuti kanemayu si wa ana aang'ono. Muli magazi komanso mbali zina zosayenera zimene ife tidadumphitsa. Mtanda ndi madzi odalitsa zimene akumenyera nkhondo m'menemo ndi za chikhulupiriro cha eni ake. Ife chitetezo chathu ndi Allah, ndipo tisanagone timawerenga Ayatul Kursi pamodzi ndi Surah Al-Falaq ndi An-Nas.

Kanema atatha, mnyamata wina adafunsa kuti, "Ababa, kodi anamapopa alikodi?" Apa kuseka kudatha, chifukwa kuno kwathu funso limeneli lidatayitsa kale miyoyo.

Kumapeto kwa 2002 mphekesera za anamapopa zidawanda m'chigawo cha kumwera, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF ku Blantyre, adagendedwa ndi gulu la anthu powanena kuti akusunga anamapopa. Mu 2017 zidayambiranso ku Mulanje ndi Phalombe nkufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa, mmodzi mwa iwo wodwala khunyu. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiri aja, ndipo apolisi adamanga anthu 140 ochita zipolowezo. Koma namapopa ngakhale mmodzi sadapezeke. Amene adafa anali anthu wamba, ana a eni ake.

Tidawakumbutsa anyamatawo mbali imodzi ya kanema uja. Peter Vincent adakana kukhulupirira mawu a Charley kufikira pamene adayang'ana pa kagalasi kake naona kuti Jerry sakuonekamo. Ngakhale m'nthano yopeka, mkulu wamantha uja adadikira umboni. Nanga ife amene tili ndi Qur'an? Surah Al-Hujurat, ndime 6, imatiphunzitsa kufufuza nkhani tisanavulaze munthu mosadziwa, ndipo ndime 12 imatichenjeza za kuganizira anzathu zoipa. Magazi a munthu wosalakwa si chinthu chopepuka pamaso pa Allah.

Ife a kunyanja timakhala pa msewu. Tsiku ndi tsiku alendo amatsika basi pa Golomoti, pa Mua ndi pa Mtakataka: ogula usipa, ofuna abale awo, azaumoyo oyeza malungo pobaya chala. Mawa wina akadzakuwa kuti "namapopa uyo!", ana athu adzatola miyala kapena adzafunsa umboni? Yankho lake likukonzedwa lero, pamkeka wa pakhomo pathu.

Choncho tisangoletsa ana kuonera, pakuti adzakaonera kwina kumene kulibe wowamasulira. Tikhale nawo, tisankhe zoyenera, tiseke nawo pamodzi, kenaka tiwauze poyera kuti mano atalitali a Jerry ndi opanga ndipo magaziwo ndi utoto. Mphekesera ikafika m'mudzi, tipite nayo kwa amfumu, kwa ashehe kapena ku polisi, osati kwa mlendo ndi chibonga m'manja. Paja akuluakulu adati za kumva zimapweteketsa mutu.

Allah atiteteze ku lilime lofulumira ndi dzanja lofulumira. Wassalaam.