Basi Yaulere Ipindulira Yani?

Mawu akuti “zaulere” amakoma m'khutu ngati uchi, ndipo wowatsutsa amaoneka ngati munthu wouma mtima. Komabe ine ndiwatsutsa. Pali anthu ophunzira bwino amene akulalikira kuti boma lililonse lokonda anthu ake liyenera kulola aliyense kukwera basi ndi sitima osalipira. Umboni wao waukulu ndi dziko la Luxembourg. Tiyeni tiuone bwino umboniwo, abale anga, tisanaombe m'manja.

N'zoona kuti kuyambira mwezi wa Marichi 2020 munthu amakwera basi ndi sitima mwaulere m'dziko lonselo, kupatula malo apamwamba a m'sitima. Koma Luxembourg ndi kadziko kakang'ono, ka anthu osafika miliyoni imodzi, kolemera koposa pafupifupi maiko onse. Ndalama za matikiti zinkakwana mayuro 41 miliyoni pachaka, ndiye kuti zosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zoyendetsera ntchitoyo. Zotsalazo ankalipira kale ndi anthu a msonkho. Boma lidangotaya kambewu kamodzi m'nkhokwe yodzaza. Ndipo mabasi, njanji ndi madalaivala zidalipo kale.

Olalikira aja satchula kawirikawiri mzinda wa Hasselt ku Belgium. Kumeneko mabasi adakhala aulere kuchokera mu 1997, okwera adachuluka kwambiri, anthu a maiko ena n'kumabwera kudzaonera. Mu 2013 akuluakulu a mzindawo adagamula zobwezeretsa malipiro, pakuti thumba lidaperewera. Walira mvula walira matope: okwera akachuluka pafunikanso mabasi ena, mafuta ena ndi antchito ena. Ku Tallinn, likulu la Estonia, nzika za mzindawo zidayamba kukwera mwaulere mu Januwale 2013. Ofufuza adapeza kuti okwera atsopano ambiri anali anthu amene kale ankayenda pansi, pamene eni galimoto ambiri adakakamirabe galimoto zao. Mwini galimoto sathawa basi chifukwa cha mtengo wa tikiti ayi. Amaithawa chifukwa imachedwa, imadzaza, ndipo sifika pakhomo pake.

Tsono funso lenileni nali: ulerewo agula ndani, ndipo adya ndani? Dalaivala sadya mawu okoma, ndipo basi simwa madzi. Alipira ndi anthu onse kudzera m'misonkho, kuphatikizapo mayi wa kumudzi amene amadula msonkho nthawi iliyonse akagula sopo kapena palafini. Wopindula ndi uyo amakhala pafupi ndi siteji, m'tauni, pamseu wa tala. Kalaliki wa malipiro a pamwezi asunga ndalama zake, pamene mayi uja adzayendabe wapansi, mwana wodwala ali kumsana, popeza kumudzi kwao basi siidafikeko chiyambire. Kodi chilungamo chake n'chiti pamenepa? Kugawa mofanana pakati pa wokhuta ndi wanjala kumaoneka kokongola papepala pokha.

Kwathu kuno nkhaniyo ikuvutanso mwa njira ina. Maminibasi ndi a anthu wamba, si a boma. Kondakitala amene timamunyoza chifukwa chopanikiza anthu pampando amadziwa kuti madzulo mwini galimoto akudikira ndalama zake, ndipo zotsala ndizo za ndiwo kunyumba. Kunena kuti “zikhale zaulere” osanena amene alipire anthu amenewa n'kuseweretsa osauka, monga amachitira andale nyengo ya chisankho.

Musandimve molakwa. Sindikuti aliyense adzionere yekha. Mtengo wa ulendo umaphetsa anthu: wodwala amadikira kunyumba mpaka matenda atakula, mwana amasiya sukulu ya kutali, nkhalamba imalephera kukaika m'bale wake. Amenewa ndiwo ayenera kuyamba. Ku Scotland anthu a zaka 60 kapena kuposerapo ndi olumala ambiri amakwera basi mwaulere, ndipo kuyambira mu Januwale 2022 adawonjezapo achinyamata osafika zaka 22. Kumeneko adasankha magulu, n'kuwerengera ndalama zake.

Nafenso, phungu akabwera ndi lonjezo la zaulere, timufunse zinthu zogwirika: mlatho umene udakokoloka ndi mvula aukonza liti, ambulansi ya chipatala chathu chaching'ono ili ndi mafuta kodi, ndipo mayi woyembekezera wa kuseri kwa phiri adzafika bwanji kuchipatala usiku.