Nkhuku 100 ndi Dorper imodzi: tiyambe tawerengetsera

Chaka chilichonse maphunziro akatha, pamapezeka ophunzira amene amatifotokozera cholinga chofanana: kugula nkhuku za mazira 100 ndi nkhosa yamphongo ya mtundu wa Dorper. Khama lawo timaliyamikira, koma pa nkhuku timawatsutsa ndithu, ndipo pa nkhosa timawapempha adekhe.

Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 pa tsiku. Nkhuku 100 zimadya makilogalamu 12, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 limatha m'masiku anayi okha. Thumba limenelo limachokera ku Lusaka, kudzera mu Great East Road mpaka pa mlatho wa Luangwa, n'kutsikanso ndi msewu wa ku Feira, mtengo wake ukukwera njira yonse. Komanso anapiye amayamba kuikira atakwanitsa masabata 18 mpaka 20. Miyezi yonseyo inu mukungodyetsa. Ndiye pakubwera Okutobala. Kutentha kwa m'chigwa muno kumapitirira madigiri 40. Nkhuku imayasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu, imachepetsa kudya, mazira amachepa, zigoba zake n'kupyapyala. Ifenso pano tinaphunzira mowawa: tinafolera khola ndi malata, ndipo masana ena tinatola nkhuku zakufa tisanatole dzira.

Chifukwa chake timati yambani ndi nkhuku zachikuda 15 kapena 20, m'khola lokwera lofolera udzu, pamthunzi, madzi osatha. Zipatseni gaga, chiswe ndi nyenyeswa za nsomba zouma zimene asodzi athu amataya. Katemera wa chitopa miyezi itatu iliyonse musamulumphe. Mazira adzakhala ochepa, inde, koma sadzabwera ndi ngongole.

Nkhosa timaikonda, ndipo popeza ife a Sabata sitiweta nkhumba, ndi chiweto chotiyenera. Koma si mbuzi. Mbuzi imaimirira n'kubudula masamba a masau ndi a mitengo yaminga. Nkhosa imayang'ana pansi, ndipo pofika Seputembala pansi palibe kanthu. Amene sanasunge masangwi a mtedza ndi a khobwe, mapesi a chimanga ndi nyemba za msangu asagule nkhosa chaka chino.

Dorper inapangidwa ku South Africa pokweranitsa Dorset Horn ndi Blackhead Persian, ndipo imakula msanga pamalo ouma. Chimene sinazolowere ndi tsetse, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba za kuno. Nkhosa yathu ya mchira wonona imakula pang'onopang'ono, koma chilala imachidutsa. Yambani ndi zazikazi zinayi zamtundu umenewu. Mukadutsa nazo dzinja kawiri osataya, pamenepo mphongo ya Dorper ibwere. M'nyengo ya mvula muziyang'ana m'kati mwa chikope cha pansi: mukayera, njoka zamwa magazi, ipatseni mankhwala msanga. Musazimwetse ku Zambezi kapena ku Luangwa, ng'ona sisankha; tungani madzi, zimwere m'chomwera. Usiku khola likhale lolimba chifukwa cha afisi.

Msika wa nkhosa kuno ndi wochepa. Ogula ambiri ali ku Lusaka, makamaka nthawi ya Eid ya abale athu Asilamu, ndipo simunyamula chiweto popanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto. Bere la nkhosa ndi la miyezi isanu. Werengani chobwerera kuchokera tsiku logulitsa, ndipo gwirizanani anayi kapena asanu kuti galimoto ikhale imodzi.